Tsiku limene ndinabweza thobwa la Anangozo

Chaka choyamba cha ntchito

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, pakuti amalume anu amazikamba pa ukwati uliwonse ndipo chaka ndi chaka zimanka zitalika. Ndiyambira pa tsiku limene lole ya feteleza inanditsitsa pa kachipatala ka kumapiri, kumtunda kwa Nsipe, ndili ndi sutikesi imodzi, mbaula ya makala ndi korona wopempherera m'thumba. Ndinali namwino wongotuluka kumene kusukulu, wodzikhulupirira kuposa muyeso. Woyang'anira kachipatalako anali a Gwaza, dokotala wamng'ono, bambo wamfupi wosakonda kuyankhula. Mankhwala athu ankakwana mu kabati imodzi: panado, mankhwala a malungo akakhalapo, thonje, ndi botolo lalikulu la jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pa zilonda. Mwezi ukafika pakati, kabatiyo inkasanduka mosungira makapu athu a tiyi.

Sabata yanga yachiwiri ndinakalipira mayi wina chifukwa mwana wake ankakana phala. A Gwaza anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anatenga supuni, n'kutsegula kukamwa kwa mwanayo, n'kundiitana ndi chala. M'kamwamo munali mofiira ngati nyama. "Anambewe," anatero, pondiitana ndi mfunda wanga monga tichitira kwathu kuno, "munthu akakana chakudya musamufunse chifukwa. Muuzeni ayasame." Pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndinagwira nawo ntchito sanandilalikireponso china, koma ichi chinandikwanira. Mulungu awapumitse.

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chinayi

Atandisamutsa kawiri, ndinapezeka kumunsi, cha ku Sharpevale, kumene kutentha kumakudzutsa tambala asanalire. Inu Tereza munabadwira kumeneko. Ndi m'zaka zimenezo pamene tinayamba kulandira anthu ochokera ku chipatala chachikulu cha mumzinda, amene ankalandira mankhwala a khansa a m'diripi. Ankapita, n'kulandira, n'kubwerera kumudzi kukadikira ulendo wotsatira. Pakapita sabata imodzi ankafika kwa ife milomo itasweka, m'kamwa muli zilonda, ena akutsegula m'mimba. Poyamba ndinkangowapaka jivi n'kuwapempherera. Kenako anatitumiza ku maphunziro a sabata imodzi a kasamalidwe ka odwala matenda a mgonagona, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamvetsa. Mankhwalawo amasaka chilichonse chokula msanga m'thupi. Khansa imakula msanga, komanso kakhungu ka m'kamwa ndi ka m'matumbo kamaphuka msanga, ndiye kamapsera limodzi, monga mankhwala opha udzu amawaulira ndi mbewu yanthete. Kakhunguko kamameranso pakapita sabata ziwiri kapena zitatu, koma munthu akalephera kudya ndi kumwa m'masiku amenewo amafooka, ndipo ambiri ankataya mtima osabwereranso kukamaliza mankhwala.

Zimene anatiphunzitsa sizinali zodula. Mano obooka akonzedwe munthu asanayambe mankhwala. Mswachi ukhale wofewa, osati kamtengo. Madzi owiritsa n'kuwaziziritsa, lita imodzi, kasupuni ka mchere ndi kasupuni ka soda wothira mu therere uja, kuchukucha n'kulavula podzuka, akatha kudya ndiponso pogona. Chakudya chofewa ndi chozizira. Tsabola, zowawasa, mowa ndi fodya ayi. Ndipo thupi likangotentha, asadikire kuti kuche, athamangire kuchipatala, chifukwa masiku amenewo magazi amakhala opanda chitetezo.

Ndinabwerako ndikudziona ngati ndanyamula nyale. Woyamba kumuphunzitsa anali mkazi wa a Ndau, bambo wachikulire amene anataya unyamata wake ku migodi ya ku Joni. A Ndauwo ankalandira mankhwala a khansa aja. Patatha masiku atatu mayiyo anawabweretsa pa ngolo, m'kamwa mutayera ngati mwathiridwa madzi otentha. Ndinafunsa ngati anatsata zimene ndinanena. "Zonse, anesi," anatero mayiyo. "Kungoti soda anatha ku golosale, ndiye ndinatentha zitsononkho n'kupanga chidulo. Chokhwima bwino, therere limachita kusungunuka." Mayi aliyense wa kwathu amadziwa kuti soda akasowa, chidulo chimalowa m'malo. Ndi ine amene sindinaganize kuti nzeru ya kukhitchiniyo ikafika mpaka m'kamwa mwa wodwala, ndipo madzi a phulusa amawotcha. A Ndau, akuyankhula movutikira, anati, "Ku Joni miyala inandilephera, koma mayiwa atsala pang'ono." Anachira, ndipo ine kuyambira pamenepo ndinkafunsa kaye zimene zili m'khitchini mwa munthu ndisanamuuze chochita.

Chaka chachiwiri ndisanapume, mwezi wa Juni

Kumapeto kwa ntchito yanga anandibwezera kumapiri, pafupi ndi kwathu, ndipo ndinalowanso mu mphakati wathu wakale, kagulu ka mabanja amene timapemphera limodzi mkati mwa sabata. Mtsogoleri wa amayi pa ntchito yozonda odwala anali Anajere, mayi wamtali wamasiye, mlimi wa mbatatesi, amene ankayambitsa nyimbo pa maliro alionse. Chaka chimenecho odwala anali iwowo. Anawachotsa bere, ndipo ankapita mumzinda sabata zitatu zilizonse kukalandira mankhwala. Ana awo onse anali kutali, choncho akabwerera kumudzi ankadalira ife. Amayi a mphakati anagawana masiku. Wina ankatunga madzi, wina nkhuni, ndipo Lachitatu lililonse tonse tinkapita kukapemphera, aliyense ali ndi kanthu m'manja.

Atabwera ku ulendo wachitatu ndinaona kuti akuphimba pakamwa ndi chitenje. Anthu ankati ndi chisanu cha Juni. Ndinadikira Loweruka m'mawa, pamene panalibe wina, ndi kuwauza kuti ayasame. Anakana kawiri. Kachitatu anatsitsa chitenjecho. Lilime, m'masaya ndi m'milomo munali zilonda zokhazokha, kwina kutakutidwa ndi zoyera. Anandiuza kuti akutsegula m'mimba kuyambira Lachinayi, ndipo madzi omwe akuwameza ngati minga. Ndinawayeza kutentha kwa thupi, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti kunali bwino. Ndinawafunsa zimene ankadya. Anandilozera pa tebulo. Panali manachesi, chimanga chokazinga, zakumwa za m'mabotolo, mbatatesi yokazinga yowazidwa tsabola wa kambuzi, ndi chigubu cha thobwa logonera masiku awiri, lowawasa mmene iwo ankalikondera ali bwino.

"Anajere, zimenezi ndi moto pa chilonda. Bwanji simukuzikana?"

"Ndikane cha ndani?" anandiyankha motsitsa. "Inu ndinu wa konkuno, mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Kwathu wodwala amalawa chakudya pamaso pa amene wabweretsa, ngakhale pang'ono. Ukakana, wanena popanda mawu kuti ukumukayikira. Ndipo thobwalo ndi mbatatesiyo zinkachokera kwa Anangozo, mkazi wa mchimwene wawo. Awiriwa anakhala zaka zisanu ndi ziwiri osapatsana moni chifukwa cha dimba limene mayi a Anajere anasiya, ndipo pa nthawi ya mkanganowo panatuluka mawu oipa okhudza ufiti. Matendawa ndi amene anawayanjanitsa. Anangozo anangofika tsiku lina ndi chigubu cha thobwa, Anajere anamwa, nkhani ya dimba inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo chigubucho chinkabwera tsiku ndi tsiku, ndipo Anajere ankamwa kapu yathunthu, misozi ili m'maso, Anangozo n'kumaganiza kuti ndi misozi ya chikondi.

Ndinati tiwauze amayiwo zoona, kuti ndi mankhwala awotcha m'kamwa. Anandigwira mkono mwamphamvu. "Zilonda za m'kamwa kuno zili ndi dzina limodzi. Amuna anga atamwalira anthu ananong'ona chaka chathunthu. Sindikufuna ayambenso. Mukanena, Anambewe, ine ndi inu tathana." Ndinawauza kuti ngakhale akanakhala matenda amene ankawaopawo, si ochititsa manyazi, ndasamalira ambiri amene ali moyo mpaka lero. Sanamve. Kenako ananena chimene chinandiopsa koposa: "Ndipo mumzinda sindipitanso. Mankhwala amenewa andipha khansa isanandiphe." Ulendo wachinayi unali utatsala masiku khumi ndi awiri.

Lamulungu ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Chinsinsi cha wodwala ndi chake, ndinalumbira zimenezo ndili mtsikana. Kuzonda odwala nako ndi limodzi mwa mafunso amene tidzafunsidwe pa tsiku lomaliza, ndipo amayi aja ankachita ndi mtima woyera. Koma ndikuyang'ana mtanda pa guwa ndinakumbukira kuti Ambuye wathu, ali ndi ludzu, anapatsidwa chakumwa chowawasa. Ndinaona kuti ife, ndi nyimbo zathu zonse, tinkachita chomwecho kwa mlongo wathu tsiku lililonse. Ndinatsimikiza kuti ngati pafunika wina woti adedwe, akhale ine. Madzulo ndinapita kwa Anajere n'kuwauza kuti za zilonda sindinena, koma chakudya ndiletsa m'dzina langa. Anangotembenukira kukhoma.

Lachitatu ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito masana, ndipo ndinakakhala pa khonde la Anajere nditavala yunifomu, dala. Amayi anafika akuimba, mabeseni ali pamutu. Nditawalonjera ndinati, "Amayi, pemphero lilowe, chakudya chitsale panja. Kuyambira lero Anajere adya chokhacho chimene ndaphika ine. Ndipo amene ali ndi chimfine apempherere pabwalo pano."

Wina anaseka poganiza kuti ndikucheza. Anangozo anatula chigubu chawo pansi pang'onopang'ono.

"Anena ndi alamu anga zimenezo?"

"Ndanena ndine, monga namwino."

"Chifukwa?"

"Ndi lamulo la chipatala."

"Chipatala chake chiti? Miyezi iwiri yonseyi chipatalacho chinali kuti?" Anayang'ana amayi ena, kenako ine. "Nenani poyera, Anambewe. Mwapezamo chiyani mu thobwa langa?"

Ndinatenga kapu imene inali pa khonde, ndinathira thobwalo mpaka kudzaza, ndi kumwa lonse pamaso pawo. Ndinathiranso yachiwiri n'kumwa. Linali lokoma, sindinama. "Mulibe kanthu, Anangozo. Mawa mubweretse kunyumba kwanga, ndidzamwa chigubu chonse."

"Ndiye ndi labwino kwa anesi, koma loipa kwa alamu anga?" anatero Anangozo. "Iyayi. Mfiti imadziwa amene yamulodza, eti? Ndi zimene mukutanthauza."

Yankho linali pakamwa panga, lalifupi, loti likanathetsa zonse. Ndinalimeza. Anangozo anasenza chigubu chawo n'kubwerera, ndipo amayi anayi anawatsatira. Otsalawo analowa, tinapemphera mwachidule ngati anthu othawa mvula.

Masiku otsatira ndinkadzuka m'mamawa kuphika phala losalala la nsinjiro, kulisiya lizizire, n'kupita nalo ndisanalowe ntchito. Masana ndinkapita ndi mbatatesi yophika yonyenyanyenya ndi dzira kapena mkaka, kapena nthochi yakupsa. Ndinawapatsa mankhwala odonthezera m'kamwa a zoyera zija, madzi a mchere ndi shuga a odwala kutsegula m'mimba, ndi mafuta opaka m'milomo. Mankhwala amphamvu opha ululu, a madzi aja, kwathu kunalibe, ndinachita kukawatenga ku boma pa njinga yamoto, ndipo ankamwa pang'ono asanadye. Ndinaimbiranso anamwino a mumzinda kuwauza mmene zinalili kuti adokotala adziwiretu. Pa tsiku lachinayi kutsegula m'mimba kunaleka, ndipo anamaliza mbale ya phala.

Koma pakhomopo panazizira. Amayi anasiya kubwera, ngakhale otunga madzi, poopa kuti nawonso anganenedwe. Ku tchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, mayi amene ndinakhala naye pa benchi anapatsa dzanja wa kutsogolo ndi wa kumbuyo, ine anandidumpha. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandilasa ndi cha Lolemba, pamene ndinapeza Anajere atakhala okha pa mphasa, akuyang'ana njira.

"M'kamwa mwayamba kupola," anatero, "koma mwandiphera mudzi. Ndichire kuti ndidzakhale ndi ndani?"

Ndinakhala pansi. Ndinawauza kuti mwina ndinalakwitsa, sindikudziwa. Ndinati ine pakamwa panga ndatseka monga anandipempha, ndipo pakhalabe chotseka, koma pali pakamwa pamodzi pokha pamene pangakonze nkhaniyi, ndipo si panga. Ndinawafunsa za ulendo wa mumzinda, anapukusa mutu. Ndinabwerera ku ntchito ndikupemphera pemphero losalongosoka, la mawu awiri atatu obwerezabwereza.

Lachiwiri masana ndikuwapatsa madzi ochukuchira, tinamva mapazi pabwalo. Anali Anangozo, opanda chigubu, opanda odi. Anaima pakhomo.

"Ndabwera kudzatenga mbale zanga. Komanso ndimve pakamwa panu, alamu, osati pa antchito a boma. Ngati nkhani ya dimba sinathe, nenani."

Anajere anandiyang'ana. Kenako anati, "Tsekulani zenera, Anambewe." Nditatsekula, anaitana mlamu wawo ndi dzanja, anatsitsa chitenje, n'kuyasama.

Zilondazo zinali zitayamba kupola, koma zinali zokwanira. Anangozo anawerama, anayang'ana, anabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi.

"Mayo ine! Ndiye thobwa lija mumalimeza ndi m'kamwa motere?"

"Linali lanu," anatero Anajere.

"Ndi tsabola yemwe? Opusa inu! Mayi wamkulu, wotsogolera anzake, wopusa chonchi!" Ankalira uku akukalipa. "Bwanji osanena?"

"Mukanati ndi matenda aja."

"Ndikanati ndi ajawo, ndiye bwanji? Mwana wanga Yohane anapita ndi chiyani? Anamusambitsa ndani pamene ena ankaopa kulowa m'nyumba? Si inu, tili pa udani pomwe?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutembenukira kwa ine. "Inunso anesi, kumwa makapu awiri ngati munabwera pa chinkhoswe, osanena kanthu!"

Anajere atandilola ndi mutu, ndinafotokoza za mankhwala ndi kakhungu ka m'kamwa. Anangozo anamvetsera, anafunsa muyeso wa mchere ndi soda kawiri, ndi kundiuza kuti phala langa ndi lamadzi, la anthu osadziwa kuphika, kuyambira mawa aziphika okha. Lachitatu anaima pa khonde pomwe ndinaima ine. Zimene anawauza amayiwo anagwirizana ndi Anajere, ine sindinalipo. Ndinangoona madzulo mitsuko itadzaza, ndipo pa tebulo pali mazira, mkaka ndi nthochi. Si onse amene anandikhululukira. Mayi wa pa benchi uja anamwalira zaka zitatu zapitazo tisanabwererane bwinobwino, ndipo ndimamutchula m'mapemphero anga.

Chaka chomwecho, kuyamba kwa Julaye

Za ulendo wachinayi sindinafunsenso, ndinaopa kumva yankho. Tsiku lake litakwana ndinapita kwa Anajere m'mawa ndi botolo la madzi ochukuchira, ndikuganiza kuti mwina ndikawapeza ali m'munda. Ndinapeza chitseko chili ndi loko. Oyandikana nawo anati anyamuka kalekale pa njinga zamoto ziwiri. Ndinakwera yachitatu, ndipo ndinawapeza pa siteji ya pa Nsipe atalowa kale mu minibasi, Anajere ali pakati, Anangozo ali pa zenera ndi chikwama cha wodikirira wodwala kuchipatala pamiyendo, mbaula ndi kapoto zili pansi pa mpando.

"Mwabwera kudzatiletsa chiyaninso?" anatero Anangozo polandira botololo. Analinunkhiza, n'kutulutsa lawo m'chikwama kundionetsa kuti anali atakonza kale.

Ndinawakumbutsa kuti akafika akawaonetse adokotala m'kamwa asanawaike diripi, ndipo akafunse ngati pa mankhwala awowo angamayamwe madzi oundana pamene diripi ikuyenda, chifukwa kwa ena zimathandiza. Anajere anandigwira dzanja kudzera pa zenera. Sanathokoze ndi mawu, si khalidwe lawo. Anangoti, "Mukawauze amayi kuti Lachitatu la sabata ya mawa nyimbo ndidzayambitsa ndine."

Pomwepo ogulitsa malonda anazinga minibasi monga achitira, mabeseni m'mwamba. Mayi wina analowetsa thumba la manachesi pa zenera mpaka pamphuno pa Anajere. "Amayi akudwalawa agulireni awa, otsekemera, opatsa magazi!"

Anangozo analikankhira kunja ndi dzanja lonse. "Chokani nawo! Awa sadya za aliyense. Amadya zophika ine."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo minibasi inalowa mu msewu.